Kalabala ka pa viewfinder katayika: ndigule kotani padzuwa la kuno kuchigwa?

wapaNgabu

Akuluakulu ndi amayi ojambula, ndithandizeniko nzeru. Kamera ndi Canon EOS 700D, ntchito zake ndi za maukwati, zinkhoswe, mpira wa pagalaundi ndi zithunzi za magulu m'masukulu. Kalabala ka pa viewfinder (kawindo koikapo diso pojambula) kanayamba kumata, kenako kanang'ambika m'mbali, pano katayikiratu.

Masana dzuwa likafika paliwombo sindikuona bwino manambala a pansi pa viewfinder chifukwa kuwala kukulowera m'mbali mwa diso. Ndimavala magalasi, ndipo akukalika pa pulasitiki yatsalayo. Koma chondizunguza mutu ndi ichi: ndikaika kamera pa tripod n'kutchera timer, chithunzi chikutuluka chakuda kuposa chomwe ndajambula nditaika diso, malo omwewo, nthawi yomweyo. Kodi zimenezi zikukhudzana ndi kalabalaka? Nanga ndigule kafulati konga kamene kanabwera ndi kamera, kapena kakuya kooneka ngati chikho kamene amagulitsa pa intaneti?

Wokonza_Dyeratu

Achimwene, choyamba dzina lake. M'sitolo mukanene kuti mukufuna eyecup, ndipo mutchule nambala yake, chifukwa tilabala timeneti timafanana m'maso koma njanji zake n'zosiyana. Ka 700D ndi Canon Ef. Komweko kamalowanso pa 600D, 650D, 750D, 1100D, 1200D, 1300D ndi 2000D. Ka Eb ndi ka 60D, 70D, 80D ndi 6D, pomwe ka Eg ndi ka 7D ndi 5D Mark III. Anzathu a Nikon: D3300, D3400, D3500, D5300 ndi D5600 amafuna DK-25, D3100 ndi D3200 amafuna DK-20, D90, D7000 ndi D750 amafuna DK-21. Wogulitsa akakuuzani kuti kake kamalowa pa Canon iliyonse, musapereke ndalama musanakayese pa kamerapo. Ngati mukutuma munthu wokwera ku Blantyre kapena ku Limbe, mulembereni zilembozo papepala.

Kavalidwe kake: m'mbali zonse ziwiri za kagalasi ka viewfinder muli timizere. Kalabala kamatsetsereka m'timizere timeneti kuchokera pamwamba kutsikira pansi mpaka kumveka kuti thapu. Pochotsa mumakakankha kuchokera pansi kukweza m'mwamba. Musamakakokere kwa inu, chifukwa timano tiwiri ta pulasitiki tomwe timakagwira timathyokera pomwepo, ndipo timano tikathyoka kalabala kamagwa nthawi iliyonse mukatulutsa kamera m'chikwama. Musanavale katsopano, chotsani zotsalira za kakale m'timizeremo ndi kamtengo kotokosera m'mano.

Tsopano za zithunzi zakudazo. Zikukhudzana ndi viewfinder, inde, koma kugula kalabala sikuthetsa vutolo. Pa kamera ya DSLR ngati yanuyo, sensa yoyeza kuwala siili kumbuyo kwa shutter ayi, ili m'mwamba, pafupi ndi pomwe mumaika diso. Nkhope yanu ikakhala pamenepo imatseka khomo lakumbuyo, ndipo mita, kutanthauza sensa yoyeza kuwalayo, imawerenga kuwala kochokera ku lenzi kokha. Mukachotsa diso, dzuwa limalowera kumbuyoko, mita n'kuganiza kuti malowo ndi owala kuposa mmene alili, ndiye imathamangitsa shutter kapena kuchepetsa aperture (bowo lolowera kuwala mu lenzi). Chithunzi cha gulu nthawi zambiri mumachijambula dzuwa lili kumsana kwanu, ndiye kuti likulunjika pa kagalasi komweko.

Yesani nokha. Kamera pa tripod, dzuwa kumsana, mode ya Av (momwe inu mumasankha aperture, kamera n'kusankha yokha liwiro la shutter), f/8, ISO 100. Dinani shutter pang'ono muwerenge liwiro pasikirini, kenako tsekani viewfinder ndi chala chachikulu, mudinenso. Padzuwa lowala bwino liwiro loyenera limakhala cha m'ma 1/400. Ngati chala chisanatseke likusonyeza 1/800, ndiye kuti kamera ikulowetsa theka lokha la kuwala kofunika. Pa nkhope zathu zakudazi theka limenelo limapweteka kwambiri, makamaka mkwatibwi akavala zoyera, chifukwa diresi nalo limakhala likunyenga kale mita.

Mankhwala ake alipo kale pa lamba wa kamera. Lamba wa Canon amabwera ndi kachidutswa kakang'ono ka labala kakuda kamene ambiri sadziwa ntchito yake. Ndi kotsekera viewfinder: mumachotsa eyecup, n'kutsetsereketsa kotsekerako m'timizere tomwe tija. A Nikon awo ndi DK-5. Ngati kanatayika, yezani kuwala diso lili pa viewfinder, muone manambala, muwalembe mu mode ya M (Manual, momwe mumatchera manambala nokha). Mu M kamera siisinthanso kanthu ngakhale dzuwa lilowe kumbuyo, bola ISO isakhale pa Auto.

MayiStudio_Nchalo

Bambo a pa Dyeratu afotokoza bwino za mita. Ine ndiyankhe za kafulati ndi kakuya, ndipo ndinena mosazungulira: munthu wovala magalasi agule kafulati.

Chifukwa chake ndi mtunda. Viewfinder iliyonse ili ndi malire a pomwe diso lingatalikire n'kumaonabe makona onse anayi pamodzi ndi manambala a pansi. Pa 700D ndi mamilimita pafupifupi 19. Magalasi anu amadya kale gawo lalikulu la mtunda umenewo. Mukawonjezera kalabala kakuya, diso limabwerera m'mbuyo kupitirira malirewo, makona amada, ndipo mumayamba kuyendetsa mutu uku ndi uku kuti muone m'mphepete. Pa chithunzi cha kalasi ya ana ambiri, m'mphepetemo ndi momwe mumatuluka mwana wodulidwa phewa. Pa mpira ndiye mumataya nthawi kufunafuna liwiro la shutter wosewera atadutsa kale. Kuwala kolowera m'mbali mwa magalasi kumachepa mukavala chipewa cha mlomo waukulu, kapena kuika dzanja lamanzere pamphumi kamera ikakhala pa tripod.

Njira ina ndi kuvula magalasi pojambula, ngati maso anu sanapitirire kwambiri. Pakona yakumanja ya viewfinder pali kagudumu kakang'ono ka diopter, kokonzera viewfinder molingana ndi maso anu; pa 700D kamayenda kuchokera pa -3 kufika pa +1. Lozetsani kamera pakhoma loyera, musayang'ane khomalo, yang'anani timabokosi 9 ta autofocus, muzipotoza kagudumu mpaka timizere take tioneke takuthwa. Kakamalimba, chotsani kaye eyecup. Chitani zimenezi mmene mudzajambulire: ngati ndi magalasi, ndi magalasi, ngati opanda, opanda. Kagudumuka sikakonza vuto la astigmatism, ndiye ngati pepala la kuchipatala cha maso lili ndi nambala ya CYL yaikulu, magalasi akhale pamaso. Amene ali ndi Canon 4000D asavutike kukafunafuna, kamera imeneyo ilibe kagudumuka.

Chinanso chimene chimadabwitsa anthu akagula kakuya: pamwamba pa viewfinder ya 650D ndi 700D pali kasensa kamene kamazimitsa sikirini nkhope ikayandikira. Tilabala tina takuya timakaphimba, sikirini n'kukhala yozima ngati kamera yafa. Siinafe. Chotsani kalabalako muone, kapena mu menu muzimitse LCD auto off. Pa makamera a mirrorless (opanda kalilole m'kati) vutoli ndi lalikulu kuposa apa, chifukwa sensa yoteroyo ndi imene imasankha pakati pa viewfinder ndi sikirini. Ikaphimbidwa ndi labala kapena fumbi, chithunzi chimakakamira mu viewfinder. Ubwino wawo ndi woti vuto la mita lija alibe, popeza viewfinder yawo ndi kasikirini chabe.

Mbalame_Bangula

Mayi, pa za magalasi sindikutsutsani. Koma kakuya tisakanyoze, kuti wina wosavala magalasi asasochere. Pamadzi a Elephant Marsh kuwala kumachokera kumwamba ndi pansi pomwe, chipewa sichitchinga kochokera m'madzi. Kalabala kakuya kakagwira bwino kuzungulira diso, m'kati mumada, diso limapuma, ndipo mbalame yobisala m'bango imaoneka. Kamathandizanso kugwira kamera: manja awiri ndi chipumi, malo atatu. Ndi lenzi ya 300 mm muli m'bwato, kapena mukudikira nyala ku Lengwe madzulo kuwala kukuchepa, kutsamiritsa kamera pankhope kumachepetsa kunjenjemera koonekeratu. Posankha, tengani kamene mlomo wake umazungulira, kuti kagwire ntchito ku diso lamanja kapena lamanzere, komanso mukaimika kamera choongoka. Kuipa kwake n'koti kukatentha thukuta limasanduka nkhungu pa kagalasi chifukwa mpweya sutuluka; muzichotsa diso pakati pa zithunzi.

Koma achimwene a pa Ngabu, funso lomwe simunafunse ndi lakuti kakale kanamatiranji, chifukwa katsopano kadzatha chimodzimodzi. Kutentha ndi kumodzi. Mu Okutobala ndi Novembala kuno kumapitirira madigiri 40, ndipo Canon amalemba kuti kamerayo izigwira ntchito pakati pa 0 ndi 40. M'galimoto yotseka magalasi kapena m'chikwama chakuda padzuwa mumatentha kuposa pamenepo, labala n'kuyamba kufewa. China ndi zodzola. Vaseline ndi mafuta a kunkhope amalowerera mu labala n'kumutupitsa. Choopsa kwambiri ndi mankhwala odzola othamangitsa udzudzu okhala ndi DEET: amasungunula labala ndi pulasitiki, mpaka zilembo za pa mabatani zimafufutika. Udzudzu wa kuno sitingachite nawo masewera, ndiye dzolani ndithu, koma dzolerani ndi kuseri kwa dzanja, musambe zikhatho musanagwire kamera, ndipo pachikope ndi pachipumi pasafike mankhwalawo.

Kasamalidwe n'kosavuta. Mukaweruka, chotsani kalabala, mukatsuke m'madzi ofunda pang'ono ndi dontho la sopo wotsukira mbale, mukatsukuluze, kaume pamthunzi kenako mubwezeretse. Palafini, petulo, thinala ndi sipiriti ayi. Kagalasi ka viewfinder muyambe kukapemerera ndi blower (kapampu ka mpweya) kuti mchenga uchoke, kenako mupukute ndi kansalu ka microfibre. Mukayamba ndi kupukuta, fumbi la pamsewu wa M1 limakala kagalasiko mpaka kalekale. Nthawi ya dzinja kalabala konyowa ndi thukuta kasatsekeredwe m'chikwama. Chinyezi chimenecho ndicho chimabala chuku m'malenzi. Muziikamo timapaketi ta silica gel.

Ndipo kamera ikakhala pa tripod podikira, viewfinder isayang'ane dzuwa nthawi yaitali. Kagalasi kaja kamasonkhanitsa kuwala m'kati. Iphimbeni ndi kansalu koyera.

wapaNgabu

Zikomo kwambiri akuluakulu, zikomo mayi. Kotsekera kaja kalipodi pa lamba. Ndituma ka Ef kafulati. Podikira kuti kafike, ndingadule chubu cha njinga n'kumata ndi supa guluu kuti magalasi asamakalike? Nanga ndikamangojambula ndi sikirini, osagwiritsa ntchito viewfinder?

Wokonza_Dyeratu

Supa guluu ayi, achimwene, chonde. Akamauma amatulutsa mpweya umene umasiya utoto woyera pagalasi ndi pa pulasitiki, ndipo akadontha m'timizere kalabala katsopano sikadzalowanso. Akafika pa kagudumu ka diopter ndiye kamangika basi. Tepi yakuda ya magetsi nayo kutentha kwa kuno imasungunuka n'kusiya phula lokoka fumbi.

Chubucho chigwiritseni ntchito popanda guluu. Dulani kamphete kopyapyala, ka mamilimita 5 kapena 6 m'lifupi, mukatsuke ndi sopo kuti ufa wa m'kati uchoke, kenako mukakoke kuzungulira felemu ya viewfinder, kakhale m'timizere ndi kutulukira pang'ono kumaso kuti magalasi azigunda labala. Onetsetsani kuti sikakuphimba kasensa ka pamwamba kapena kupanikiza kagudumu. N'zongodikirira, kuwala kwa m'mbali sikutchingidwa ndi zimenezi.

Za sikirini: mu Live View, ndiko kujambula mukuyang'ana pasikirini, kalilole wa m'kati amatukuka, kuwala kumayezedwa ndi sensa yojambulira, ndiye vuto la zithunzi zakuda pa tripod limatha popanda kotsekera. Pa chithunzi cha gulu ndi njira yabwino. Koma tsiku lonse simungathe nayo. Batire la LP-E8 pa 700D, malinga ndi a Canon, limajambula zithunzi pafupifupi 440 ndi viewfinder, koma pafupifupi 180 zokha mu Live View. Autofocus imachedwanso, mpira simungautsate. Sensa ikakhala yoyaka nthawi yaitali kunja kukutentha, pasikirini pamabwera chizindikiro choyera cha kutentha, kutanthauza kuti zithunzi ziyamba kuchita timadontho. Chikafiira, kamera yatsala pang'ono kuzimitsa Live View yokha. Yatsani Live View pokonza gulu ndi pojambula basi, mukatha muzimitse.

Potuma, tumani tiwiri. Kakafika, kavaleni n'kukakankhira m'mwamba pang'ono ndi chala chimodzi. Kakatuluka mosavuta, timano take ndi tofooka, ndipo kadzagwa kamera ikamakhuzana ndi malaya poyenda. Kotero mukamangirire ndi ulusi wopyapyala wa ukonde pa felemu yake ya pulasitiki, mbali inayo pa kachitsulo kolowetsapo lamba, mutasiya ulusi wokwanira kuti muzitha kukachotsa poika kotsekera.