Andiitana ku kafukufuku wa kuntchito Lachinayi, abwana akuti ndikanene kuti sindikudziwa kanthu. Nditani abale?

Membala wobisa dzina:

Muli bwanji nonse. Ndabisa dzina chifukwa pagulu pano pali anthu amene timapemphera nawo limodzi, ndipo nkhaniyi ikadali yaiwisi. Inu amene mukudziwa malamulo a ntchito a kuno ku Zimbabwe, chonde ndithandizeni.

Ndimagwira ntchito ku maakawunti pa kampani ina yogulitsa katundu wa m'magolosale, kudera la mafakitale kuno ku Harare. Likulu lake lili ku Johannesburg. Ntchito yanga ndi kulowetsa ma invoice mu kompyuta, abwana n'kusaina, ndalama n'kutuluka. Chaka chatha ndinayamba kukayikira kampani ina ya mathiraki yomwe amati imatinyamulira katundu kupita ku Mutare ndi ku Masvingo. Mapepala a madalaivala enieni amafika atada, pena pali chala cha girizi, pena atang'ambika pakona. A kampani iyi amafika oyera mbee, osapindika n'komwe. Manambala a ma invoice ake amangotsatizana, ngati ilibe kasitomala wina aliyense koma ife. Ndiye m'buku la pageti, momwe alonda amalemba galimoto iliyonse yolowa ndi yotuluka, mathiraki amenewo mulibemo.

Ndinawafunsa abwana pa WhatsApp. Anangoti, "Zimenezo n'za akuluakulu, iwe ingolowetsa." Ma invoice onsewo analowa pa login yanga.

Tsopano wina wake, osati ine, anaimba pa nambala yachinsinsi ija imene kampani inamata pakhoma la kantini. Kwabwera ma odita ndi loya kuchokera ku likulu. Laputopu ya abwana atenga. Dzulo ndapatsidwa kalata yoti ndikaonane nawo Lachinayi. Poweruka abwana anandiimitsa pafupi ndi geti n'kundiuza chapansipansi kuti, "Ukanene kuti umangolowetsa, sudziwa kanthu. Mauthenga aja ufafanize. Ukandigwetsa, kumbukira kuti dzina lili pa zonsezi ndi lako."

Ndikanene zonse? Loya amene wabwerayu angandiyimirirenso ine? Ndithamangire ku ZACC, bungwe lolimbana ndi katangale, asanandifunse? Ndijambule mapepala aja ndisunge kunyumba? Ndili ndi ana, amayi anga okalamba ndimakhala nawo, lendi amafuna ya madola. Ntchitoyi ikatha sindikudziwa kolowera, koma kukagona kundende chifukwa cha ndalama zomwe sindinadye n'zimene zikundisowetsa tulo.

Agogo a ku Highfield:

Mwana wanga, khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Akuluakuluwo adzamvana okhaokha, iwe udzatsala poyera. Kumudzi kuja, mu 2013, a Paul Mphwiyo, omwe anali mkulu wa bajeti ya boma, anaomberedwa pageti la nyumba yawo ku Lilongwe nthawi ya Cashgate, nkhani ija ya kubedwa kwa ndalama za boma. Ku Johannesburg komweko mayi Babita Deokaran anaphedwa mu 2021 ataulula zachinyengo za ku unduna wa zaumoyo wa Gauteng. Komanso ife a kwa Malawi, zinthu zikavuta timayamba kukumbutsidwa kuti ndife obwera. Ukangoyankha zimene wafunsidwa, ina yonseyo umeze.

Mayi wa ku HR, Mufakose:

Agogo, mantha anuwo ndi omveka ndipo sindikuwapeputsa. Koma pano kukhala chete sikumuteteza mwanayu, chifukwa dzina lake lili kale m'kompyuta. Akati "sindikudziwa", mawa ma odita n'kupeza uthenga wake uja mu foni ya abwana, basi wasanduka wabodza, ndipo wabodza pa kafukufuku amamuika gulu limodzi ndi wakubayo.

Achemwali, chinthu choyamba, musafafanize kalikonse. Uthenga umene munafunsa uja, ndi yankho loti "ingolowetsa", ndiye mboni yanu yaikulu. Abwana akufuna muufafanize chifukwa ukuwamanga iwowo, osati inu. Ndiponso kuwononga umboni kumene kungakubweretsereni mlandu wina wapadera wosokoneza chilungamo. Lero lomwe khalani pansi ndi kope lanu, mulembe zimene anakuuzani pageti zija: tsiku, nthawi, mawu ake momwe anawanenera, ndi amene anakuonani mutaima nawo.

Kenako muzindikire kuti Lachinayi si tsiku lozenga mlandu wanu. Kufunsidwa mafunso pofufuza ndi kwina, hearing ndi ina. Kampani siingakuchotseni ntchito chifukwa cha mlandu popanda kutsata code of conduct. Funsani a komiti ya ogwira ntchito ngati pakampani panu pali code yolembetsedwa, kapena ngati mumatsata ya NEC, khonsolo ya olemba ntchito ndi antchito a gawo lanu. Ngati palibe zonsezi, imagwira ntchito ndi ya dziko lonse, Statutory Instrument 15 ya 2006. Imeneyi imalola bwana kukuimitsani ntchito, ndi malipiro kapena opanda, koma akupatseni kalata yonena zifukwa, ndipo afufuze n'kuchititsa hearing pasanathe masiku 14 ogwira ntchito. Ayenera kukudziwitsani za hearing kudakali masiku osachepera 3 ogwira ntchito, n'kukuuzani mlandu wake. Mumaloledwa kubwera ndi mnzanu wa kuntchito, wa komiti, wa yuniyoni kapena loya, kuitana mboni zanu, ndi kufunsa mafunso mboni zawo. Akalumpha zimenezi nkhani imatha kukafika mpaka ku Labour Court.

Ndanena zonsezi kuti mukalandira kalata yokuimitsani musakomoke. Pa kafukufuku wa ndalama, makampani ambiri amaimitsa aliyense amene dzanja lake linakhudza mapepala.

Mnyamata wa ku Dzivarasekwa:

Asisi, pitani ku ZACC mawa m'mawa basi. Amafufuza ndi makampani omwe si aboma, Constitution ya 2013 inalemba choncho. Kuyambira 2019 ali ndi mphamvu zomanga. Wofika koyamba ndiye amakhala mboni.

Wophunzira zamalamulo, Avondale:

Amwene a ku Dzivarasekwa akunena zoona kuti ZACC ili ndi mphamvu pa makampani omwe si aboma. Koma ine ndikuti asathamange asanalankhule ndi loya wawowawo, ndipo ndifotokoza chifukwa.

Mayi, loya wachokera ku likuluyo kasitomala wake ndi kampani. Angakusekerereni, angakupatseni tiyi, koma zonse zimene munene zikalembedwa mu lipoti la kampani, ndipo kampaniyo ndi imene idzasankhe kulipereka ku polisi kapena ayi. Mukangokhala pansi mufunseni mwaulemu kuti, "Kodi mukuimira ndani, ndipo zimene ndinene zipita kuti?" Loya wachilungamo akuyankhani mosabisa.

Pali mbali ina yowawa imene ndiyenera kukuuzani. Mlandu wa chinyengo uli pa ndime 136 ya Criminal Law Code. Sufuna kuti munthu akhale atadya nawo ndalama. Umayang'ana ngati munthu anapereka chinthu chabodza akufuna kunyenga, kapena akuzindikira kuti pali chiopsezo chenicheni choti wina anyengedwa n'kuluza. Inu munakayikira, n'kupitiriza kulowetsa. Wofuna kukukanikizani adzagwira pamenepo. Chokuthandizani ndi choti munafunsa, munalamulidwa ndi wokuyang'anirani, simunali wosaina malipiro, ndipo akaunti yanu ya kubanki ndi ya EcoCash zisonyeza kuti simunalandire kanthu. Mfundo zimenezi zimafuna munthu wodziwa kuziika mu dongosolo musanatsegule pakamwa, kaya ku kampani, ku ZACC kapena ku CID Commercial Crimes. N'chifukwa chake ndikuti loya kaye.

Abwana anuwo, ngati kampani ya mathirakiyo ndi yawo kapena ya mbale wawo ndipo anabisira owalemba ntchito, ndime 173 ya lamulo lomwelo ikuwadikira. Zimene anachita pageti zija nazonso si zazing'ono. Ndime 14 ya Prevention of Corruption Act imaletsa kuopseza kapena kuzunza munthu chifukwa chopereka uthenga wokhudza katangale. Mu 2022 nduna zinavomereza mfundo za bilu yoteteza oulula zachinyengo, koma inu pa Lachinayi dalirani zimene mungaloze ndi chala: ndime 14 imeneyi, code of conduct, ndi ndondomeko ya kampani yanu yoteteza oulula. Pemphani kope la ndondomekoyo ku HR polemba kalata.

Ngati ya loya palibe, Transparency International Zimbabwe ili ndi nthambi yotchedwa ALAC yomwe imapereka uphungu waulere pa nkhani za katangale. Kulinso Legal Resources Foundation ndi Legal Aid Directorate ya boma.

Agogo a ku Highfield:

Zamalamulozo n'zabwino papepala. Nanga likulu likafuna kukwirira nkhani kuti dzina la kampani lisaipe?

Wophunzira zamalamulo, Avondale:

Zimachitika, agogo, sindikana. Komabe kwawo ku South Africa kuli lamulo la 2004 lolimbana ndi katangale, lomwe pa ndime 34 limakakamiza akuluakulu a kampani kukanena ku polisi akadziwa kapena kukayikira za chinyengo cha R100,000 kupita m'mwamba. Anthu ozolowera lamulo lotere satumiza loya pa ndege kuti adzangoseka. Kuno nakonso, ngati ma invoice abodzawo anali ndi VAT ndipo kampani inawagwiritsa ntchito pochepetsa msonkho wake, nkhani ya ZIMRA, bungwe lotolera misonkho, ilipo, ndipo kampani ikufunitsitsa kudziwa kukula kwa dzenjelo ZIMRA isanalipeze yokha. Munthu amene angawalozere pomwe pali ma invoice amenewo ndi wofunika kwa iwo. Za kukhala obwera zija, wobadwira kuno Constitution ya 2013 isanatuluke, kholo lake lili nzika ya dziko la SADC ngati Malawi, ndipo ankakhala konkuno pamene inkatuluka, Constitution imamuwerenga kuti ndi nzika yobadwira. Komanso malamulo a ntchito amateteza wantchito, safunsa kwawo kwa agogo ake.

Bambo wa ku Mbare, kale anali wa ku sitolo:

Ine zinandionekera pakampani ina ku Southerton, nkhani ya dizilo. Anandifunsa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndili ndi njala, kenako anandibweretsera pepala lotaipa kale akuti saina apa tizipita. Mu pepalamo munali chiganizo choti ine "ndinkadziwa za dongosololi", pomwe ine ndinanena kuti ndinkaona madiramu akutuluka usiku. Chiganizo chimenecho n'chimene anandiwerengera pa hearing. Mayi, pepala lililonse muliwerenge mzere ndi mzere. Pomwe alemba zimene simunanene, khwatchani, lembani zanu, sainani pambali. Pemphani kope lanu. Akakana, nenani kuti musaina mukaonana ndi wokuyimirirani. Ndipo pomwe simukukumbukira nenani kuti simukukumbukira, musayerekeze kungopeka tsiku kuti muwasangalatse.

Membala wobisa dzina:

Zikomo kwambiri nonse, mtima wayamba kukhala pansi pang'ono. Agogo, mawu anu ndawamva ndipo sindiyenda ndekha madzulo masiku ano. Koma bodza sindikanena. Funso la mapepala lija silinayankhidwe. Ndikuopa kuti buku la pageti lingasowe, chifukwa mkulu wa alonda ndi mnzawo wa abwana. Ndilijambule? Ndipo akafuna foni yanga ndiwapatse? Muli zithunzi za ana anga ndi nkhani za kumpingo.

Mayi wa ku HR, Mufakose:

Mapepala a kampani musatumize ku Gmail yanu kapena kutuluka nawo m'chikwama. Ndaonapo anthu olungama akuchotsedwa pa mlandu wotulutsa zinsinsi za kampani, nkhani ya kuba ija itaiwalika. Ma odita akangoyang'ana mu kompyuta amaona chilichonse chimene chatumizidwa kunja. M'malo mwake alembereni imelo lero, pa adiresi ya kuntchito, mizere iwiri yokha: kuti mwalandira kalata yawo, ndipo mukupempha kuti atenge n'kusunga mabuku a pageti a chaka chatha ndi chino chifukwa akukhudza nkhani imene akufufuza. Bukulo likasowa pambuyo pa imeloyo, funso lidzapita kwa ena.

Foni ngati ndi yanu yogula nokha, kampani si polisi, siingakulandeni. Mungawaonetse mauthenga a inu ndi abwana okhawo, muli pomwepo, kapena kuwatumizira chat imeneyo yokha. Musanatero isungeni kawiri, ina pa foni ya munthu amene mumamukhulupirira. Ngati foni ndi ya kampani, imeneyo atha kuitenga, ndipo musachotsemo kanthu musanaipereke.

Membala wobisa dzina:

Foni ndi yanga. Imelo ija ndilemba ndikangofika mu ofesi. Ngati sindipeza loya Lachinayi lisanafike, ndingapemphe kuti asunthe tsiku osaoneka ngati ndikuthawa?

Wophunzira zamalamulo, Avondale:

Mungapemphe. Lembani kuti ndinu wokonzeka kuthandiza kafukufukuyu mokwanira, koma mukufuna kaye uphungu wa zamalamulo, ndipo mutchule tsiku lenileni lapafupi, monga Lolemba. Mu imelo yomweyo funsani ngati mungabwere ndi wa komiti ya ogwira ntchito. Akakana kusuntha, pitanibe, nenani pachiyambi pomwe kuti munapempha nthawi, ndipo muonetsetse kuti zimenezo zalembedwa m'maminitsi.