Tizithunzi ta ku Jaipur ta Krishna ndi Radha: ndigule kapena ndisiye?

NaBanda_Delhi: Abale, ndili kuno ku India kuperekeza achemwali kuchipatala. Ku Jaipur ndaona kachithunzi kochepa ngati chikhatho, Krishna wabuluu, mulungu wa Ahindu, akuimba chitoliro, wokondedwa wake Radha ali pambali, ng'ombe kumbuyo. Akuti 6,000 rupees, ati nkojambula pamanja, ka zaka 200. Ndigule?

Mjomba Fodya: Musayerekeze mayi. Ine anandidyera 9,000 ku Udaipur. Anandisonyeza pepala lachikasu lokhala ndi zidindo za kukhoti kumbuyo, ati umboni wakuti nchakale. Pepalalo linalidi lakale, koma utoto unali wadzana! Amagula mapepala akale a boma nkumajambulapo, ena amawanyika mu tiyi. Mpaka lero mtima umandiwawa.

Bwana_Area43: Inu mumagula pamsewu, mudabwa chiyani? Changa ndi cha mtundu wa Kangra, cha kumapiri a Himachal Pradesh, madola 400. Tsitsi la Radha mutha kuliwerenga limodzilimodzi chifukwa burashi yake ndi ya ubweya wa gologolo. Golide wa pa chisoti ndi weniweni. Alendo kwanga amaiwala tiyi.

Mjomba Fodya: Madola 400 kugula pepala, achimwene? Matumba angati a feteleza amenewo?

Chifundo wa ku Pune: Mayi, nkhani ya zaka 200 ikuvuteni. Lamulo la India la 1972 limaletsa munthu wamba kutulutsa m'dziko chinthu chopitirira zaka 100. Ndiye kaya akukunamizani, kaya mukasiya chithunzicho pabwalo la ndege. Chatsopano palibe vuto, ndipo amisiri aluso alipobe ku Jaipur, Udaipur ndi Kishangarh. Pemphani galasi lokulitsa zinthu. Mukaona timadontho tofanana tondondozana, ndi cha makina. Cha pamanja mumaona timizere ta burashi pankhope ndi m'mphepete mwa nsalu.

Agogo a Tadala: Koma mwana wanga, milungu ya eni ake ukaikoloweke pabalaza? Abusa akabwera udzati chiyani?

NaBanda_Delhi: Agogo, sindikukapembedza, ndakonda luso lake basi.

Chifundo wa ku Pune: Ziliponso za njovu, mbalame ndi mafumu ali kosaka nyama, zopanda mulungu aliyense.

Kamtedza: Bwanji osangogula mapositikhadi ku National Museum ku Delhi komweko? Ine ndinapeza ya Hanuman, mulungu wa Ahindu wooneka ngati nyani, atasenza phiri la mankhwala kukapulumutsa Lakshmana amene anavulala pankhondo, ndinaiika m'felemu, palibe amadziwa.

Bwana_Area43: Ine ndingadziwe ndili pakhomo.

Mjomba Fodya: 6,000 ndi mtengo wa azungu. Nenani 800, mukatembenuka akuitanani.

Chifundo wa ku Pune: 800 ndi ya chopulinta, mjomba. Cha pamanja chenicheni munthu amachigwira masiku ambiri, sangakupatseni pamtengo umenewo.

Kamtedza: Nanga achemwaliwo akupeza bwanji? Mukamabwera munditengereko masala a tiyi.