Gulu la banja: sukulu ya mwana wathu uja

Malume (Limbe): Mwaswera bwanji nonse? Sukulu zikutsegulira mu Seputembala, ndiye timange mfundo za mphwanga. Achemwali, tafotokozani.

Mayi ake mwana: Zikomo achimwene. Ku chipatala cha Queens anatiuza kuti ndi autism, vuto la kakulidwe ka ubongo lomwe limachititsa mwana kuvutika kulankhulana ndi kucheza ndi anthu. Akuti si misala, sapatsirana, ndipo palibe mankhwala oti amwe n'kuchira. Vuto lili m'kalasi. Sitandade 1 yathu ana amadzaza mpaka pakhomo, akayamba kuyimba onse pamodzi iye amatseka makutu n'kuthawira kuseri kwa khitchini ya phala. Teremu yatha anangondiuza kuti azikhala kaye pakhomo.

Azakhali (Bvumbwe): Koma kwa asing'anga munayesako? Anthu akuti bambo ake anamukhwimira chifukwa cha kagolosale kaja.

Bambo ake (Joni): Kagolosale ka sopo ndi machesi? Ndikanakhwima bwenzi ndikutsuka magalimoto a eni kuno?

Malume (Limbe): Zimenezo zithere pomwepo, azakhali. Mwana anabadwa choncho. Aphunzitsi muli pa gulu pano, tiuzeni.

Msuweni (mphunzitsi, Luchenza): Kumubweza kunyumba kuja n'kulakwa, ali ndi ufulu wophunzira ngati mwana aliyense. Koma mphunzitsi mnzanga amene anamubweza uja ndikumumvetsa, ambirife zimenezi sitinaziphunzire mozama. Amene amazidziwa ndi omwe anadutsa ku Montfort, koleji ya aphunzitsi a ana ofunika chithandizo chapadera ya ku Nguludi. Achemwali, pitani ku TDC, likulu la aphunzitsi la m'dera lanu, mukaonane ndi a PEA, mlangizi wa sukulu za pulayimale, mutatenga buku lakuchipatala. Iwo akuuzani sukulu yapafupi yomwe ili ndi resource centre, kalasi yapadera yothandizira ana otere, ndi mphunzitsi wake.

Msuweni (mphunzitsi, Luchenza): Mukaipeza, musadikire tsiku lotsegulira. Mupite naye kusanadzaze anthu, akaone kalasi, chimbudzi ndi pokhala pake. Azikhala kutsogolo pafupi ndi chitseko kuti phokoso likakula azituluka pang'ono n'kubwerera. Pomuuza zinthu, mawu ochepa, chimodzichimodzi. Ine ndijambula makadi: kusamba, yunifolomu, kabaza, kalasi, phala, kunyumba. Akadziwa chotsatira mtima wake umakhala m'malo.

Mayi ake mwana: Kuwerengera ndiye musade nkhawa. Zitsekerero za mabotolo amazindandalika pakhonde, zofiira pazokha, zobiriwira pazokha. Mukachotsapo chimodzi aziwona nthawi yomweyo.

Msuweni (mphunzitsi, Luchenza): Eya, mukawauze aphunzitsiwo zimenezo, masamu ayambira pomwepo.

Anganga (kudzera pa foni ya mdzukulu): Ndipo phala samwera m'kapu ya wina. Muzimuyikira yake ija yothyoka chogwirira.

Bambo ake (Joni): Za kabaza ndi zanga, ndizitumiza pa Mpamba mwezi ukatha. Koma akhale munthu mmodzi yemweyo tsiku lililonse, nkhope yachilendo sangakwere.

Malume (Limbe): Ine yunifolomu ndi nsapato.

Mayi ake mwana: Nsapato musagule kaye achimwene, amazivula. Yesani zofewa zija zopanda zingwe.

Azakhali (Bvumbwe): Chabwino, ine ndimuperekeza ku TDC Lachiwiri. Nanga mvula ikayamba, wakabazayo adzawoloka bwanji pamtsinje paja?

Malume (Limbe): Tione kaye kuti sukuluyo ili tsidya liti.