Tinthu tiwiri, ma state awiri, kalasi yonse yalemba 4

Wa mu Tete: Akuluakulu thandizeni, pulova (mayeso) ya physics ya quantum ili Lachisanu. Funso lomwe ndapatsa ana a m'kalasi mwanga: tinthu ting'onoting'ono tiwiri, ma state awiri (mikhalidwe imene kanthu kangakhalemo), njira zotiikira m'ma state amenewa zingati? Onse alemba 4. Ndawauza kuti 4 ndi ya tinthu tosiyanitsika, ma boson (tinthu tosasiyanitsika timene tingakhale mu state imodzi) ndi 3, ma fermion (tosasiyanitsikanso, koma sitingakhale tiwiri mu state imodzi, monga ma electron) ndi 1, akungondiyang'ana ngati ndatukwana. Ndadzipalira ndekha. Ndinaphunzitsa ndi zitsekerero za mabotolo, cha Fanta ndi cha Coca-Cola, pano aliyense akuti "electron wa Fanta". Ndiwachotse bwanji zimenezi m'mutu?

Wa ku Ulongwe: Zitsekererozo tayani, achimwene. Ine chaka chatha ndinatenga nyemba ziwiri, ndimati zofanana. Mnyamata wina wakumbuyo anadontheza inki pa imodzi, nkunena kuti "aphunzitsi, iyi ndaidziwa". Kalasi yonse kuseka. Chilichonse chogwirika m'manja chikupusitsani, poti electron sungamuike chizindikiro.

Wa ku Moatize: Mukuwalemetsa ana. Mukasinthanitsa tinthuto, ψ (masamu ofotokoza tinthuto) amatenga plus kwa ma boson, minus kwa ma fermion, koma |ψ|², mwayi wotipeza pamalo, sasintha. Plus kapena minus, zotsatira n'zimodzi. Aloweze 4, 3, 1 basi.

Mayi wa ku Tsangano: Ayi bambo, minus ameneyo ndiye mwini nkhani. Lembani pa bolodi a(1)b(2) − b(1)a(2), pomwe a ndi b ndi ma state, 1 ndi 2 ndi tinthuto, kenako ikani b kukhala a. Zimadyana, kutsala ziro. Lamulo la Pauli la 1925 lija, loti ma fermion awiri sangakhale mu state imodzi, akuliona ndi maso pamenepo. Koma chenjerani, mukamati state muphatikize spin, khalidwe la electron limene limakhala la mmwamba kapena la pansi. Mukapanda kutero wina afunsa za helium, kuti ma electron awiri akhala bwanji mu 1s, malo apansi kwambiri a electron mu atomu. Kumeneko mbali ya malo ndi symmetric (sisintha mukasinthanitsa), minus ali mu singlet ya spin (ma spin awiri otsutsana). Ine linandigwira funso limeneli woyendera masukulu atakhala kumbuyo, thukuta kamukamu ngakhale kunali kozizira.

Wa ku Moatize: Komabe pa square minus amafa, mayi.

Wa ku Ulongwe: Amene amafa ndi minus wa kunja kwa ψ yense. Wa pakati pa zigawo ziwirizo amatsala mu cross term, pamene zigawozo zachulukitsana. Chinanso achimwene a mu Tete, funso lomwelo musalibweze pa pulova, aloweza kale. Ikani ma state atatu, mayankho akhala 9, 6, 3. Slater determinant, njira yolembera ψ ya ma fermion ambiri, musaiyambe sabata ino, muwasokoneza.

Wa ku Moatize: Zaka zonse ndaphunzitsazi palibe mwana analephera chifukwa cha minus.