Thandizeni pa Python, class ya mwana ikukana zinthu za kholo lake

Akuluakulu a makodi muli bwanji, ine ndili kuno ku Salima cha ku Kamuzu Road, ndikuphunzira Python (chiyankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta) ndekha pa laputopu yakale ya achimwene. Mayi anga ali mu banki m'khonde ndiye ndinati ndiwapangire kapulogalamu kolembera masheya ndi ngongole, poti kope lawo lija linanyowa ndi mvula mpaka azimayi kukangana. Ndapanga class (chikombole chopangira zinthu zofanana mu pulogalamu) ya Membala, mu __init__ (gawo lomwe limapatsa membala watsopano zinthu zake zoyambira) muli dzina ndi masheya. Kenako class Msungichuma(Membala), kutanthauza kuti Msungichuma ndi mwana ndipo Membala ndi kholo, nanga si nayenso ndi membala kungoti amasunga bokosi, ndamupatsa __init__ yakeyake yokhala ndi ndalama za m'bokosimo. Ndikangoti print(a.masheya) kuti ndione masheya a msungichumayo (a ndiye msungichumayo), ikundilavulira AttributeError: 'Msungichuma' object has no attribute 'masheya'. Si paja mwana amatengera zonse za kholo? Chinanso chondizunguza mutu, ndikalemba ngongole ya K20,000 kwa mayi mmodzi ikumaoneka kwa aliyense, zikatere tsiku logawana ndithawa m'mudzi ine.

Woyankha woyamba: Achimwene, __init__ ya mwanayo yaphimba ya kholo, ndipo Python siiitana yokha ya kholoyo ayi. Mzere woyamba mu __init__ ya Msungichuma lembani super().__init__(dzina, masheya) basi, kuti muitane ya kholoyo. Amene anazolowera chiyankhulo cha Java amagwa pomwepa, kuja constructor (__init__ ya kumeneko) ya kholo yopanda ma parameter imaitanidwa yokha.

Wachiwiri: Za ngongolezo ndikubetcha munalemba ngongole = [] pansi penipeni pa dzina la class, kunja kwa __init__. List imeneyo ndi imodzi ya gulu lonse, mbale imodzi aliyense akupisamo dzanja, mukapanga append (kuonjezeramo chinthu) mwathirira onse. Ilowetseni mkati, self.ngongole = [].

Wachitatu: Ine ndiye inheritance yakeyo (zoti mwana azitengera za kholo) sindikugwirizana nayo. Usungichuma ndi udindo, amachita kusankhana, mawa akasankha wina mupanga bwanji, mumufufuta mayiyo n'kumulembanso ndi masheya ake onse? Ingoikani self.udindo mwa Membala momwemo.

Wofunsa: Eee zatheka, super uja wagwira, list ija inalidi panja kkkk mwandigwira. Achitatu mwandiganizitsa, chifukwa ndinali nditayamba kale class ya Mlembi ndi ya Wapampando, ndipo mayi ena pano ndi mlembi komanso amasunga kiyi imodzi ya bokosi. Ndiye udindowo ukhale list kapena? Magetsi angothima, batire ili pa 14%, ndiyesa akayaka.