Contra kapena Mario, iti ikhale pamwamba?

Anzanga a kuno ku Chipata, tiweruzeni ine ndi mng'ono wanga. Sabata yatha tikukonza m'nyumba mwa amayi ku Kapata tinapeza kagemu kathu kakale kolumikiza ku TV, pamodzi ndi makatiriji awiri achikasu olembedwa 9999 in 1. Bodza lokhalokha, magemu ake anali ochepa, ongobwerezabwereza. Basi tinayamba kusanja amene tinkawakonda.

Ine ndaika Contra pamwamba. Tinkasewera awiri, ndipo moyo wako ukatha unkatha kuba wa mnzako, ndewu n'kubuka pomwepo mpaka amayi kutithimitsira TV. Mng'ono wanga wakakamira Super Mario Bros. ya 1985, akuti palibe inzake, chonsecho sanaimalizepo ngakhale kamodzi. Pa nambala 3 tagwirizana Battle City, ija ya akasinja yoteteza chiwombankhanga. Duck Hunt ndaiponya kumunsi chifukwa cha galu uja amene ankatiseka tikaphonya bakha.

Inu mungasanje bwanji zisanu zoyambirira? Komanso adaputa yake inapsa kalekale. Alipo amene akudziwa komwe ndingapeze ina, kaya kumsika wa Kapata kapena ku Saturday Market?