Chromium m'madzi a pansi pa nthaka: tipope kapena tithane nayo pansi pomwepo?

Nachisale:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Pamalo pomwe kale panali fakitale yokutira zitsulo ndi chromium, zitsime zopimira zikuonetsa mamiligalamu 2 a Cr(VI), mtundu woopsa wa chromium, pa lita imodzi. Malire a bungwe la zaumoyo la WHO pa chromium m'madzi akumwa ndi 0.05, ndiye apyoledwa ka 40. Madzi akupezeka pa mamita atatu, pansi pake ndi mchenga. Ena akuti tingopopa madziwo n'kumawayeretsa pamwamba mpaka chromium ithe. Kodi itha?

Mbewe:
Mayi, chromium ndi chitsulo, siola ngati mafuta. Chomwe mungathe ndi kusandutsa Cr(VI), yomwe imayenda ndi madzi komanso imayambitsa khansa, kukhala Cr(III), yomwe imaundana n'kukakamira m'dothi.

Kupopa kumaletsa madzi oipawo kufalikira, koma paokha sikumaliza ntchito. Chromium ina imabisala m'dongo ndi m'dothi la pansi pa simenti pomwe panali matanki. Mukazimitsa mpope imatulukanso pang'onopang'ono, manambala n'kukweranso. Ku Hanford, malo omwe kale ankapangirako zipangizo za mabomba a nyukiliya m'mbali mwa mtsinje wa Columbia ku America, akhala akupopa kuyambira m'ma 1990, komabe anakakamizika kufukula dothi la sodium dichromate mpaka kufika pamadzi. Ndiye yambani ndi gwero: boolani pansi pa nyumbayo, tengani dothi pa theka lililonse la mita, ndipo lomwe lapezeka loipa lichoke.

Madzi opopawo thirani ferrous sulphate. Atomu imodzi ya chromium imafuna atatu a Fe(II), ayironi wa mu ferrous sulphate, kutanthauza magalamu pafupifupi 16 a ferrous sulphate wa heptahydrate (wa timiyala tokhala ndi madzi mkati) pa galamu imodzi ya Cr(VI). Onjezeraniko ndithu, chifukwa okosijeni wa m'madzimo amadyako gawo lina. Kenako kwezani pH (muyeso wa asidi m'madzi) ifike pa 8 kapena 9 ndi laimu, matope akhazikike, muwasefe. Matope amenewo ndi zinyalala zoopsa, sangatayidwe kudzala wamba.

Chisale wa labu:
Poti madzi ali pafupi chonchi, ine ndingasankhe khoma la zitsulo zopera. Ku Elizabeth City, ku North Carolina, asidi wa chromium anadontha kuchokera m'shopu yokutira zitsulo ya a Coast Guard, asilikali olondera magombe a America. Mu 1996 anakumba ngalande yotalika mamita 46, yakuya mamita 7.3, mulifupi mwake mamita 0.6, modutsa njira ya madziwo, n'kuidzaza ndi tizidutswa ta chitsulo. Madzi amadutsa okha, chitsulo chikuchita dzimbiri, chromium n'kutsala m'khomamo. Palibe mpope, palibe bilu ya magetsi.

Pomwe anthu amalakwitsa ndi apa. Khoma likapanda kufika pa dongo la pansi, madzi amalowera kunsi kwake. Likafupika, amalambalala m'mbali. Ndipo pH imakwera m'khomamo, ndiye madzi akakhala ndi kashiamu wambiri timipata timatsekeka m'kupita kwa zaka. Musanakumbe, pimani kutalika kwa madzi m'zitsime zosachepera zitatu, dzinja ndi chilimwe, chifukwa komwe madzi amalowera kumatha kusintha ndi nyengo.

Za kupima: Cr(VI) imapimidwa ndi diphenylcarbazide, madzi amasanduka apepo, makina n'kuwerenga mtunduwo ndi kuwala kwa mananomita 540. Botolo la Cr(VI) musathiremo asidi ayi, asidi ndi wa botolo lopimira chromium yonse. Mukathira, Cr(VI) imasanduka Cr(III) m'botolo momwemo, zotsatira n'kukunamizani kuti malo ayera. Lisungeni pozizira, lifike ku labu pasanathe maola 24.

Nabanda:
A Chisale anena zoona, koma khoma limagwira chokhacho chomwe chalipeza. Madzi oipa akafalikira makilomita, ngalande simungaikwanitse. Ndi momwe zilili ku Hinkley, ku California, komwe kampani ya PG&E inkataya madzi a chromium m'maiwe osawaka pansi kuyambira 1952 mpaka 1966. Kumeneko amathira ethanol m'zitsime. Mabakiteriya amadya ethanol, amamaliza okosijeni, ndipo m'malo opanda mpweyawo Cr(VI) imasanduka Cr(III). Madzi ena amawapopa n'kuthirira minda ya nsipu wa alfalfa, dothi la pamizu n'kugwira chromium. Mpaka lero ntchitoyo ikadalipo.

Njirayi ili ndi mavuto ake, ndipo ndi omwe amandidetsa nkhawa kwambiri chifukwa amagwera anthu omwa m'zitsime za kumunsi. Okosijeni akatha, manganese, ayironi ndi arsenic zomwe zinali m'dothi zimasungunuka n'kuyamba kuyenda ndi madzi. Zitsime zopimira za kumunsi zizipimidwa zonsezi, osati chromium yokha. Ethanol akachuluka, mabakiteriya amaswana n'kutseka chitsime chothiriracho ndi ndere, choncho thirani pang'onopang'ono, mopumira.

China, pimitsani manganese oxide m'dothi musanasankhe njira iliyonse. Ameneyu amabweza Cr(III) kukhalanso Cr(VI) okosijeni akabwerera.

Nachisale:
Zikomo nonse. A Nabanda, tikasiya kuthira, tipime nthawi yaitali bwanji?

Nabanda:
Miyezi itatu iliyonse, kwa zaka ziwiri kapena kuposerapo, kuti muone madzinja awiri. Mvula ikakweza madzi, amafika pa dothi lomwe linali louma n'kutsuka chromium yotsala, ndiye chitsime chomwe chinali bwino mu Okutobala chimatha kukwera mu Febuluwale. Pa ulendo uliwonse lembaninso pH, okosijeni ndi ORP (muyeso woonetsa ngati madziwo angabweze Cr(III) kukhala Cr(VI)) pachitsime pomwepo, madzi asanalowe m'botolo.